Musadule msanga thalakita yakale, ana akali kuphunzirapo

Loweruka lirilonse tikatsiriza maphunziro a cikhristu pa chalici cathu kuno ku Msanzala, anyamata sathamangira kunyumba ai. Amayamba apita pansi pa mtengo wa mango pamene amaimika mamotoka ao a waya. Kale onse anali kupanga mabasi ndi malole a thonje. Koma kuyambira mu 2022, pamene boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, ndipo makhonsolo ambiri anayamba kugula makina okonzera miseu, ana nao asintha maganizo. Tsopano aliyense afuna thalakita yokhala ndi khasu kutsogolo, ija yokankha dothi.

Tsiku lina tinaimirira kupenyerera mpikisano wao. Anaunjika mcenga nayamba kukankha. Makhasu onse, odulidwa ku zitini za mafuta ophikira, anapindikira pansi pa mawilo, kupatula la mnyamata mmodzi wa giredi 6. Lake linakankha mcenga wonse osagwedera. Titamfunsa cinsinsi cake anayankha mwamanyazi kuti, "A Katekisiti, ine ndinalowa pansi pa ija ya agogo."

Loweruka lotsatira tinapita naye pamodzi ndi anzake. Thalakitayo iri pa famu ina kufupi ndi mseu wa ku Ukwimi. Inaleka kulira zaka zambiri zapitazo, utoto wake wofiira unasuluka, ndipo nkhuku ziikira mazira pansi pa mpando. Ndi Massey Ferguson 135, mtundu umene unayamba kupangidwa mu 1964 ku Coventry m'dziko la England, wa injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda atatu. Kholo lake ndi kathalakita kotuwa ka Ferguson TE20 kamene kanapangidwa mumzinda womwewo kucokera mu 1946 mpaka 1956.

Harry Ferguson, mwini dzinalo, anachuka cifukwa ca mikono itatu ya kumbuyo kwa thalakita, imene imanyamula pulawo ndi mphamvu ya mafuta. Nzeru zake zonse zinali za kukoka. Kutsogolo kulibe mphamvu yotero: citsulo cogwira mawilo akutsogolo cimalendewera pa pini imodzi yokha pakati, kuti mawilo azitsata mabampu a m'munda. Ndiponso thalakita yotere iribe mafupa ena oigwira. Injini ndi giyabokosi zomangidwa pamodzi ndizo msana wake. Ukamangirira khasu pamphuno ndi kugunda nalo citsa, ungathe kuthyola msana umenewo.

Apa ndi pamene panali kulakwira anyamata aja. Iwo anaona khasu liri kutsogolo, nalimanga kutsogolo. Koma amene anawocherera khasu la thalakita ya agogo anali wodziwa. Titagwada tinaona zitsulo ziwiri zazitali zocokera kumbuyo kwa khasu, zodutsa pansi pa mimba yonse ya thalakita, mpaka kukagwira pa citsulo ca mawilo akumbuyo. Kunena kwina, khasu lioneka kutsogolo koma amene alikankha ndi mawilo akulu akumbuyo. Munthu woima pa mseu sangazione zimenezi, ndipo cithunzi ca m'kalendala ya ogulitsa feteleza sicizionetsa.

Cina cimene cinatidabwitsa ndi kakwezedwe kake. Pali cingwe ca citsulo cocokera ku mikono ija ya kumbuyo, codzera pa timagudumu, kufika pamwamba pa khasu. Woyendetsa akakweza mikono, khasu nalo limakwera. Akatsitsa, limagwa ndi kulemera kwake kokha. N'cifukwa cake khasu lotere silingadule culu kapena nthaka youma ya mu October, pakuti palibe colipanikizira pansi. Nchito yake ndi kusalaza dothi lofewa, kukwirira maenje ndi kuunjika manyowa m'khola. Mwini famu anatiuza kuti anali kuthira madzi m'matayala akumbuyo kuti alemere, apo ai anali kungozungulira pamodzimodzi. Khasu lenilenilo ndi lopindika ngati cipande, kuti dothi lizigubuduka m'malo mounjikana, ndipo kunsi kwake kuli mpeni wapadera wa mabauti umene umasinthidwa ukatha. M'lifupi limapitirira pang'ono mawilo, kuti thalakita iziponda pamene pasalazidwa kale.

Tinatenga cingwe ndi rula. Ku Ulaya, makampani opanga tizidole ta pa famu monga Britains amacepetsa cinthu ka 32, ndipo thalakita ya mamita atatu imatsala yosakwana masentimita 10. Ndi waya wathu uno kameneko n'kocepetsetsa. Ife tinasankha kucepetsa ka 10, pakuti mwana aliyense adziwa kugawa ndi 10. Mamita atatu anasanduka masentimita 30, ndiye kutalika kwa rula ya kusukulu. Wilo lakumbuyo, limene tinalipeza pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20, linafuna civundikiro ca citini ca masentimita 12. Mnyamata wina amene aphunzitsi anamlembera kale kuti masamu samlowa ndiye anali woyamba kupeza muyeso wa khasu. Tinakumbuka bambo wina ku seminale yaing'ono amene sanali kulola munthu kujambula ngakhale mpando asanauyeze. Masiku amenewo tinali kuyesa nkhanza.

Tsono vuto ndi ili. Ogula zitsulo zakutha ali ponseponse ndi malole ao, kuyambira ku Nyimba kudzafika ku Petauke, ndipo tsopano apatuka pa mseu waukulu wa Great East kulowa m'midzi. Amabwera ndi moto wa gasi ndi sikelo. Tsiku limodzi lokha thalakita ya Ford, ya Fordson Major kapena ya Ferguson imasanduka zidutswa, ndipo khasu ndi zitsulo zake zapansi ndizo zimayamba kudulidwa cifukwa n'zolemera. Makhasu ambiri otere anapangidwa ndi amisiri a kuno komwe, lirilonse mwa njira yake, popanda pulani yolembedwa. Likapita pa sikelo, nzeru ya mmisiriyo yapita nalo.

Sitidzudzula banja limene ligulitsa. Feteleza afuna ndalama, ndipo citsulo cogona pa bwalo sicidyetsa munthu. Pempho lathu n'lakuti musanaitane ogula, uzani aphunzitsi a sukulu yapafupi kapena atsogoleri a mpingo, abwere ndi ana masana amodzi. Ajambule ndi foni mbali zonse zinai, makamaka pansi, ayeze ndi kulemba m'buku losungidwa kusukulu. Makomiti a citukuko m'mawodi a boma la Lusangazi angathenso kuganizapo zogula imodzi pa mtengo wa sikelo ndi kuiimika pa sukulu. Tiri ndi sukulu ya zaluso ya Ukwimi Trades pakhomo pathu pomwe, ndipo CDF imalipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja. Mwana amene anagwadapo pansi pa thalakita ali ndi zaka 12 sadzafika kumeneko ngati mlendo.

Makolo, cenjezo: mwana asalowe yekha pansi pa thalakita yokhazikidwa pa miyala, ndipo muyambe mwagogoda, pakuti njoka ndi mavu zikonda malo otere. Za waya nazonso, afunseni kumene autenga. Mpanda wa dimba la mnansi si sitolo.

Mwini thalakita ija watiuza kuti ogula anafika kale kawiri, ndipo anawauza kuti abwerenso akatha kugulitsa thonje. M'buku lathu tadzaza masamba anai. Catsala ndi kuyeza timagudumu ta cingwe ndi mabauti a mpeni, ndipo tidzapitanso Loweruka likudzali maphunziro akatha. Amene afuna kutsagana nafe abwere ndi rula ndi pensulo.