Musanaboole mjigo, yambani mwayeza pansi

Dzuwa la Okutobala likafika pachimake, nkhani imene imamveka m'midzi ya kwa Mfumu Msakambewa m'boma la Dowa ndi ya madzi. Timitsinje totsika m'mapiri timaphwa, zitsime za m'madimba zimatsala matope okhaokha, pamene nazale ya fodya ikufuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo. Nchifukwa chake masiku ano makalabu a ulimi wothirira, ngakhalenso mabanja amene apata pa fodya kapena soya, akumasonkherana kuti aboole mjigo wawowawo. Ganizoli ndi labwino. Koma alimi anzanga, ndalama yoboolera mjigo ndi yambiri, ndipo dzenje likapanda kutulutsa madzi ndalamayo sibwerera.

Funso limene ndimalandira kawirikawiri ndikamacheza ndi alimi ndi lakuti: kodi makina aja amayenda nawo akatswiri asanaboole amaonadi madzi pansi? Yankho langa ndi lakuti ayi. Makinawo amayeza m'mene nthaka ndi miyala ya pansi ikulolera magetsi kudutsa, ndipo munthu wodziwa ntchito ndi amene amamasulira manambala otuluka pamenepo. Mlimi amene wamvetsa zimenezi sanamizidwa wamba.

Ambiri timaganiza kuti pansi pali mitsinje yoyenda kapena nyanja. Kuno kwathu sizili choncho. Pansi pa Dowa ndi Ntchisi pali thanthwe lakalekale, lolimba, lomwe palokha silisunga madzi. Pamwamba pa thanthwelo pali mwala wowola, uja umafumbutuka ukaugwira, ndipo madzi a mvula amalowa ndi kukhala m'timipata ta mwala wowolawo komanso m'ming'alu ya thanthwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, boma mothandizana ndi akatswiri a ku Britain linaboola mijigo yambiri m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu ndiponso kumadzulo kwa Dowa. Ntchito imeneyo inaonetsa kuti m'malo a chidikha mwala wowola ndi wochindikala ndipo madzi okwanira mjigo wa pamudzi savuta kupeza.

Koma kwa Msakambewa ndi kumapiri. Pamalo otsetsereka mvula inakokolola kalekale mwala wowola uja, motero thanthwe lili pafupi. Apa woboola ayenera kulunjika pa mng'alu kapena pamalo pamene mwala unawola kufika pansi kwambiri. Akaphonya ndi mamita ochepa chabe, amatulutsa fumbi lokhalokha. Ndinaonapo pamudzi wina mjigo wouma umene anthu anasonkhera chaka chathunthu. Malo anasankha chifukwa anali pafupi ndi msewu komanso pabwalo la amfumu, ndipo palibe anayeza pansi. Lero patsala chipaipi chotseka, ana amangoseweretsa, amayi akutungabe kudambo.

Makina amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri muno m'Malawi ndi aja a zikhomo zinayi zachitsulo. Amakhomera zikhomozo pansi mumzere umodzi nkuzilumikiza ndi mawaya ku bokosi lokhala ndi batire. Zikhomo ziwiri za kunja zimalowetsa magetsi m'nthaka, ziwiri za pakati zimayeza. Akamatalikitsa zikhomo za kunjazo, magetsi amalowa pansi kwambiri, motero katswiri amadziwa kuti nthaka ikuthera pati, mwala wowola ukuyambira pati, ndipo thanthwe lili pa mamita angati.

Mtundu wachiwiri ndi wa mikombero iwiri yonga ya njinga, yomwe amanyamula anthu awiri atatalikirana mamita 10, 20 kapena 40. Sakhoma kanthu pansi. Mkombero umodzi umatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka, winawo umamva m'mene nthaka yayankhira. Ubwino wake ndi liwiro: anthu awiri angathe kudutsa munda wonse m'mawa umodzi nkupeza pamene pakuoneka mng'alu, kenaka nkubweretsa makina a zikhomo kuti atsimikize. Nzeru yomweyi ndi imene ili m'makina ofufuzira zitsulo zokwiririka, amene anathandiza anzathu a ku Mozambique kuzula mabomba okwirira m'minda nkhondo yawo itatha mu 1992, mpaka dzikolo linalengeza mu 2015 kuti lamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse odziwika.

Mtundu wachitatu ndi radar, yomwe amaikankha ngati wilibala. Imatumiza mafunde onga a wailesi pansi nkumvera akamabwerera atagunda chinthu. Imathandiza kupeza mapaipi, mawaya ndi manda akale. Mumchenga wouma imafika mamita angapo, koma m'dongo lonyowa mafundewo amathera pafupi, nthawi zina osakwana ndi mita imodzi yomwe. Tsono m'katondo ndi m'makande athuwa, pamene madzi tikuwafuna pa mamita makumi angapo, radar si chida choyenera. Munthu akabwera nkumati makina ake amajambula madzi pansi ngati chithunzi cha kuchipatala, gwirani thumba lanu.

Ena amandifunsa za ndege ya kauniuni ija inkauluka m'munsi kwambiri mu 2013 ndi 2014, yomwe zotsatira zake boma linatulutsa mu 2015. Ndege imeneyo inkayeza miyala ya dziko lonse pofuna kuthandiza ntchito za migodi. Mapu ake angathe kuthandiza katswiri kudziwa mitundu ya miyala ndi ming'alu ikuluikulu, koma sangakuuzeni kuti boolani kuseri kwa khola lanu. Pamafunikabe kuyeza pamalopo.

Nanga manambala aja amatanthauzanji? Thanthwe louma limakaniza magetsi kwambiri. Mwala wowola wokhala ndi madzi umawalola pang'ono. Dongo lonyowa limawalola kwambiri, koma dongo ndi louma manja: limagwira madzi osawatulutsa. Ndiye malo abwino si pamene magetsi akudutsa kwambiri, koma pakatikati. Komanso m'boma la Dowa muli mwala wakuda wa graphite, uja amapangira mtima wa pensulo, womwe umadziwika kwambiri ku Katengeza. Mwala umenewu umadutsitsa magetsi ngati waya ngakhale mulibe madzi. Woyeza wosadziwa miyala ya kuno angathe kusangalala kuti wapeza madzi ochuluka, chonsecho wapeza graphite. Mipanda yawaya, madenga amalata ndi nthambo zamagetsi nazonso zimasokoneza makina a mikombero aja.

Nchifukwa chake ine ndimati woyeza wabwino mumamudziwira pa mafunso ake. Asanatsegule bokosi amafunsa akuluakulu a pamudzi: ndi chitsime chiti chimene sichinaphwe pa chilala cha 1992? Nanga mu 2016 ndi mu 2024 munkatunga kuti? Mijigo yapafupi inaboolewa mamita angati, ndipo ndi iti inauma? Amayang'ana pamene pamera mikuyu ndi katope, ndi pamene udzu umakhala wobiriwira m'chilimwe. Nzeru za makolo ndi makina zimathandizana. Amene amangofika, kuyenda pang'ono ndi timawaya tiwiri m'manja nkuloza pansi, akuchita mwayi ndi ndalama zanu.

Tsono musanapereke khobidi, chitani izi. Choyamba, pitani ku ofesi ya zamadzi ya boma lanu mukafunse malangizo. Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, lomwe limapereka zilolezo pa ntchito yoboola mijigo, choncho funsani woboola akuonetseni mapepala ake. Chachiwiri, woyeza akupatseni lipoti lolembedwa, losonyeza malo awiri kapena atatu motsatana ndi ubwino wake, komanso kuya kumene akuyembekezera. Chachitatu, gwirizanani polemba kuti dzenje likauma walipira ndani. Nkhani imeneyi ndi imene imadanitsa anthu, ndipo iyenera kukambidwa galimoto yoboolera isanalowe m'mudzi.

Chachinayi, malo akhale kutali ndi zimbudzi, makola ndi manda, ndiponso kumtunda kwake. Chachisanu, madzi akatuluka musathamangire kuvina. Awapope kwa maola angapo muone ngati sakuchepa. Pa mjigo wa pamanja wa Afridev, umene umakoka madzi mpaka mamita 45, chigubu cha malita 20 chizidzaza mphindi ziwiri zisanathe. Ngati mukufuna pampu ya sola yothirira dimba, pamafunika madzi oposa pamenepo, ndipo woyeza muyenera kumuuza zimenezi poyambirira. Pomaliza, madziwo akayezedwe ngati ali abwino kumwa.

Ngakhale kuyeza kutachitika bwino, palibe katswiri woona mtima amene angalumbire kuti madzi atuluka. Chimene kuyeza kumachita ndi kuchepetsa ngozi yoboola pouma, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa dzenje lotayika. Nthawi zina malo amene makina asonyeza amakhala kutali pang'ono ndi nyumba, kapena m'munda mwa munthu wina. Zikatero khalani pansi ndi amfumu mukambirane za malowo mpaka mumvane. Kuli bwino amayi aziyenda mamita 200 kupita pa mjigo wotulutsa madzi chaka chonse kusiyana nkukhala ndi chitsulo chouma pakhomo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani, alimi anzanga, ndalamazo nzanu.