Tayala la thirela likamataya mpweya pang'onopang'ono

Pamphambano ya Bembeke, m'mbali mwa msewu wa M1, amalonda amasonkherana ndalama n'kugwira thiraki yobwerera yopanda katundu kuti iwanyamulire matumba a kachewere, kabichi ndi madengu a tomato kupita ku Limbe kapena ku Wakawaka mumzinda wa Lilongwe. Mkangano umakhala pa mtengo wa thumba limodzi. Matayala a thirela, amene asenze mpamba wa anthu khumi, sayang'anidwa ndi aliyense.

Tayala lophulika limamveka ndipo galimoto imaima. Lovuta ndi lotaya mpweya pang'onopang'ono. Thirela imakolekedwa ku hosi pambale yachitsulo ija amaitcha fifth wheel, choncho zochitika kumatayala akumbuyo sizifika pa chiwongolero. Dalaivala atha kuyenda ulendo wautali osamva kalikonse. Chinanso, thirela ya ma ekiselo atatu nthawi zambiri imakhala ndi matayala 12, awiriawiri. Lamkati likayamba kuphwa, lakunja limasenza katundu wa onse awiri ndipo ndi maso zonse zimaoneka bwinobwino.

Tayala loperewera mpweya limapindikapindika m'mbali mwake likamagudubuzika, ndipo kupindikako kumabala kutentha. Kuchoka ku Bembeke kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 200, ndipo msewu umatsika kuchoka kumapiri ozizira, kudutsa Lizulu ndi Ntcheu, mpaka ku Zalewa komwe phula limaotcha. Tayala lomwe linanyamuka lofooka mmawa limakaphulikira kumeneko. Kachewere amapirira tsiku limodzi pamsewu, koma tomato wokhala padzuwa maola angapo podikira tayala lina amakafika pamsika atafewa, ndipo wogula ndi amene amatchula mtengo.

Kuzizira kwa Bembeke kumasokoneza nkhaniyi. Mpweya umanyala kukazizira: kutsika kwa madigiri 5 kapena 6 kumachotsa pafupifupi ma psi awiri m'tayala la thiraki. Ndiye mu Juni ndi Julayi geji imaonetsa nambala yotsika mmawa ngakhale tayala lili bwino, ndipo madalaivala ena amangoti ndi chisanu. Chisanu chimatsitsa matayala onse mofanana. Ngati limodzi latsika kuposa anzake, ndipo lapopedwa dzulo n'kutsikanso lero, pali potuluka mpweya.

Kumenya tayala ndi chitsulo, monga amachitira ambiri, kumangogwira lomwe laphweratu. Chofunika ndi geji, ndipo kuyeza kuchitike matayala ali ozizira, galimoto isananyamuke. Matayala ambiri a thiraki amayenda ndi ma psi pakati pa 100 ndi 120, koma nambala yeniyeni imatengera kukula kwa tayala ndi katundu wake. Lamkati liyezedwenso, ngakhale valavu yake imavuta kufikira.

Kupeza pobooka sikulira ndalama. Madzi a sopo m'botolo loboola chivindikiro amathiridwa pa valavu, pomwe tayala lagwirana ndi limu, komanso popondera ponse. Pomwe patuluke thovu ndi pomwepo, ndipo palembedwe ndi choko. Kawirikawiri vuto limakhala kachitsulo ka mkati mwa valavu kamene kamasuka kapena kalowa fumbi la m'misewu ya kumadimba. Kumangitsa kapena kusintha n'kotsika mtengo. Pena ndi dzimbiri pa limu. Ukakhala msomali, usazulidwe mpaka galimoto itafika kwa omata matayala, chifukwa ndi womwewo ukutseka bowolo.

Pamatidwe ndi pomwe anthu amapusitsidwa. Kachingwe ka mphira kobayira kunja, tayala lili pa limu, kamangothandiza kufika pomwe pali chithandizo. Kumata koyenera n'kuchotsa tayala, kuliyang'ana mkati, kutseka bowo n'kuika chigamba chamkati. Izi zimatheka ngati bowo lili popondera ndipo silikuposa mamilimita 10. Bowo la m'mbali mwa tayala si la chigamba wamba, ngakhale womata atalumbira kuti ligwira. Pamenepo sipeya ilowe.

Pali malire ena amene opanga matayala amawatsindika. Tayala lomwe layenda ndi katundu litatsika kufika pa 80 peresenti ya mpweya wake, mwachitsanzo ma psi 80 m'malo mwa 100, limatengedwa ngati layenda lophwa. Mawaya a mkati amakhala atatopa, ndipo likhoza kung'ambika m'mbali mwamphamvu pamene likupopedwa. Lotere lichotsedwe ndi kuyang'anidwa kaye. Popopa, anthu asaime moyang'anizana ndi mbali ya tayala, zomwe n'zofunika kunena pamsika pomwe onyamula katundu ndi ana ogulitsa amaunjikana pagalimoto iliyonse yoima.

Wamalonda si makaniko, ndipo madalaivala ena sakondwa kufunsidwa za galimoto yawo. Komabe wolipira ulendo ali ndi mawu, makamaka thumba loyamba lisanakwere. Katundu akamangidwa ndi tenti, kukambirana kwatha. Afunse ngati sipeya ilipo ndipo ili ndi mpweya, ngati jeke ingakweze thirela yodzaza, komanso apemphe kuti geji idutse pamatayala onse iye akuona. Agwirizanenso poyera kuti katundu akaonongeka chifukwa cha tayala, ndalama ya ulendo ikhala bwanji.

Amene akuperekeza katundu apemphe kuima pa Lizulu kapena pa boma la Ntcheu. Kuyandikitsa dzanja pa tayala lililonse kumaulula lomwe likutentha kuposa anzake. Apa geji idzaonetsa nambala yokwera pamatayala onse chifukwa atenthedwa ndi ulendo, ndipo mpweyawo usachotsedwe: akazizira adzatsala operewera.