ZAUMOYO: Mukasintha pulogalamu, mbiri ya thupi lanu imatsala kuti?

JOHANNESBURG – Pa 31 Disembala 2020, kampani ya Under Armour ya ku America inatseka Endomondo, pulogalamu ya pafoni yomwe anthu miyandamiyanda ankasungamo maulendo awo othamanga, oyenda pansi ndi opalasa njinga. Eni maakaunti anapatsidwa mpaka kumapeto kwa Malichi 2021 kuti atulutse zonse zomwe anasungamo. Amene uthengawo unawaphonya, kapena anazengereza, anataya mbiri ya zaka zambiri.

Endomondo inayambira ku Denmark m'chaka cha 2007, ndipo Under Armour inaigula mu 2015 ndi ndalama zokwana $85 miliyoni. Patangotha zaka zisanu, inatsekedwa. Zoterezi zachitikanso kwina. Kampani ya Jawbone, yomwe inkapanga zibangili zowerenga masitepe, inagwa mu 2017. Microsoft inatseka ntchito zonse za chibangili chake cha Microsoft Band pa 31 Meyi 2019. Google inagula Fitbit ndi $2.1 biliyoni, malondawo n'kutsirizika mu Januwale 2021, kenako inauza eni mawotchi a Fitbit kuti asamukire ku akaunti ya Google, apo ayi ataya mbiri yawo likadutsa tsiku lomaliza lomwe linaikidwa mu 2026.

Nkhaniyi ikukhudzanso anthu a m'chigawo cha kumwera ndi pakati pa Africa. Mafoni ambiri amakono amawerenga masitepe a mwini wake, ndipo mawotchi oyeza kugunda kwa mtima atsika mtengo. Odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi ena amalemba zotsatira zawo m'foni, amayi amalembamo masiku awo akumwezi, ndipo othamanga okonzekera mpikisano wa Comrades pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg amasungamo ntchito ya miyezi yambiri. Ku South Africa, ndondomeko ya Vitality ya kampani ya inshulansi ya Discovery, yomwe inayamba mu 1997, imapereka mapointi potengera zomwe wotchi kapena foni yalemba. Foni ikabedwa, ikawonongeka, kapena munthu akagula ya mtundu wina, funso limakhala lakuti zonsezi zimutsatira kapena ayi.

Ku Malawi, wodwala amayenda ndi kabuku kake ka kuchipatala, ndipo dokotala wa ku Mzuzu amatha kuwerenga zomwe analemba mnzake wa ku Zomba. Mbiri ya m'foni siyenda mophweka chotero, chifukwa kampani iliyonse imalemba m'njira yakeyake.

Mbiriyo imasungidwa kuti?

Mawu akuti deta ambiri amawadziwa ngati bandulo ya intaneti. M'nkhani ino akutanthauza manambala onse omwe chipangizo chalemba okhudza thupi la munthu: masitepe, mtunda, njira yomwe anadutsa, kugunda kwa mtima, maola a tulo, kulemera kwa thupi ndi zina.

Deta imeneyi ikhoza kukhala m'malo atatu. Poyamba imakhala mu wotchi kapena m'chibangili, momwe malo ake ndi ochepa ndipo zakale zimafufutika zatsopano zikamalowa. Kuchoka apo imapita m'foni. Pomaliza, mapulogalamu ambiri amaitumiza ku makompyuta akuluakulu a kampani kudzera pa intaneti.

Kudziwa malowa n'kofunika. Ngati deta ili ku kampani, monga zimakhalira ndi Strava ndi Garmin Connect, kusintha foni sikuvuta: munthu amangolowa mu akaunti yake pa foni yatsopano ndipo zonse zimaoneka. Vuto lake n'lakuti kampani ikatseka, kapena makina ake akaima, mwini deta amasowa pogwira. Mu Julayi 2020 mbava za pa intaneti zinamanga makompyuta a Garmin, ndipo kwa masiku angapo anthu padziko lonse sanathe kutumiza kapena kuona maulendo awo. Mawotchi anapitiriza kulemba, ndipo amene ankadziwa anakopera mafayilo awo polumikiza wotchi ku kompyuta ndi chingwe.

Ngati deta ili m'foni mokha, vuto limatembenuka: foni ikatayika popanda kope lina, mbiri yonse yapita.

Mitundu ya mafayilo

Pulogalamu iliyonse ikamatulutsa deta imaiika m'fayilo, ndipo mtundu wa fayiloyo ndiwo umanena zomwe zipulumuke.

GPX, yomwe inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 2002, imasunga malo, nthawi ndi kukwera kapena kutsika kwa njira. Pafupifupi pulogalamu iliyonse ya othamanga imaiwerenga, koma kugunda kwa mtima kumalowamo pokhapokha ngati wolemba fayiloyo anawonjezera gawo lapadera. TCX, ya kampani ya Garmin, imasunganso kugunda kwa mtima, zigawo za ulendo ndi mphamvu zomwe thupi lagwiritsa ntchito. FIT, yomwenso ndi ya Garmin, ndi yaing'ono koma imanyamula zambiri kuposa ziwirizi. Choncho posamutsa maulendo, FIT ndiyo yoyamba kusankhidwa, TCX yachiwiri, GPX yomaliza.

Zinthu za tsiku ndi tsiku monga masitepe, tulo ndi sikelo zimatuluka kawirikawiri mu CSV, JSON kapena XML. Fayilo ya CSV ndi tebulo wamba lomwe limatseguka pa kompyuta iliyonse. Komabe palibe mgwirizano umodzi wa momwe mizere yake iyenera kusanjidwira, n'chifukwa chake maulendo othamanga amasamuka mosavuta pomwe masitepe ndi tulo nthawi zambiri zimakanika.

Njira zitatu zosamukira

Njira yoyamba ndi kutulutsa mafayilo ku pulogalamu yakale n'kuwalowetsa ku yatsopano. Google ili ndi tsamba la Google Takeout, lomwe linatsegulidwa mu 2011, pomwe munthu amapempha kope la deta yake, kuphatikizapo ya Google Fit ndi Fitbit. Strava, Garmin Connect ndi Samsung Health nazonso zili ndi malo opemphera kope lonse. Fayilo ikhoza kutenga maola kapena masiku kuti ikonzeke, ndipo imatha kukhala yaikulu, kotero ndi nzeru kuikopera pomwe pali Wi-Fi kusiyana ndi kuthera bandulo.

Apa pali msampha womwe ambiri sauona: pulogalamu yomwe imalola kutulutsa sikuti imalolanso kulowetsa. Pulogalamu ya Health ya pa iPhone, yomwe Apple inatulutsa mu 2014, imatulutsa zonse m'fayilo imodzi ya XML, koma yokha siitha kuwerenganso fayiloyo. Strava imalandira FIT, TCX ndi GPX, koma ntchito yake ndi maulendo, osati tulo kapena shuga. Choncho munthu asanasankhe pulogalamu yatsopano, ayambe wafufuza zomwe imalandira.

Njira yachiwiri ndi kudzera pa nkhokwe ya m'foni momwemo. Pa iPhone nkhokweyo ndi Health. Pa Android ndi Health Connect, yomwe Google inalengeza mu 2022 mogwirizana ndi Samsung, ndipo inakhala gawo la foni kuyambira pa Android 14 mu 2023. Pulogalamu imodzi imalemba m'nkhokwemo, ina n'kuwerenga, mwini foni akaloleza. Health Connect ndiyo ikulowa m'malo mwa njira yakale ya Google Fit: kuyambira pa 1 Meyi 2024 Google inasiya kulembetsa opanga mapulogalamu atsopano pa njira yakaleyo. Komabe nkhokweyi imathandiza kwambiri pa deta ya kuyambira lero kupita mtsogolo. Pulogalamu yatsopano imaloledwa kuona za masiku 30 okha apitawo, pokhapokha itapempha chilolezo chapadera choona zakale, ndipo singaone zomwe pulogalamu yakale sinalembemo.

Njira yachitatu ndi mapulogalamu amkhalapakati monga Health Sync, RunGap ndi FitnessSyncer, omwe amatenga deta ku akaunti ina n'kuipititsa ku ina. Amathandiza makamaka eni mawotchi omwe salankhulana mwachindunji ndi mapulogalamu ena. Ena amafuna malipiro kuti asamutse zakale. Chachikulu n'chakuti munthu amakhala akupereka makiyi a mbiri ya thupi lake kwa kampani yachitatu, ndipo mlatho wotere ukhoza kuduka nthawi iliyonse. Mu Novembala 2024 Strava inakhwimitsa malamulo a momwe mapulogalamu ena angagwiritsire ntchito deta yochokera kwa iyo.

Zomwe zimatayika panjira

Ngakhale kusamuka kuyende bwino, zina zimatsala. Manambala monga malikisi a tulo, kuchuluka kwa nkhawa kapena Body Battery ya Garmin amachokera ku masamu achinsinsi a kampani iliyonse, ndipo pulogalamu ina ilibe malo owaika. Mabaji, ndemanga za anzanu ndi zithunzi nazonso kawirikawiri sizisamuka.

Zolakwika zitatu zimaoneka mobwerezabwereza. Choyamba ndi kuwerenga kawiri: foni ndi wotchi zonse zikalemba ulendo umodzi, kapena fayilo ikalowetsedwa pomwe mkhalapakati waitumiza kale, masitepe 6,000 amasanduka 12,000.

Chachiwiri ndi nthawi. Mafayilo ambiri amalemba pa nthawi ya padziko lonse ya UTC, pomwe Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Botswana ndi South Africa ali patsogolo ndi maola awiri. Pulogalamu ikalephera kusintha, kuthamanga kwa 5:30 m'mawa kumaoneka ngati kwa 3:30 usiku, ndipo tulo timagawika pa masiku olakwika.

Chachitatu, chomwe chingaike moyo pachiswe, ndi miyezo. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, ndipo mapaundi 154 ndi makilogalamu 70. Shuga wa m'magazi amayezedwa m'njira ziwiri, mg/dL ndi mmol/L, zomwe zimasiyana pafupifupi ka 18: nambala ya 126 pa muyezo woyamba ndi 7.0 pa wachiwiri. Wodwala amene walowetsa manambala ake pa muyezo wolakwika akhoza kudzinamiza yekha ndi kusocheretsa dokotala.

Lamulo likuti chiyani?

Ufulu wotenga deta yako n'kupita nayo kwina unadziwika kwambiri ndi lamulo la GDPR la mayiko a European Union, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Gawo 20 la lamuloli limati munthu alandire deta yomwe anapereka m'fayilo yodziwika yomwe makina angawerenge. Makampani ambiri akuluakulu anatsegula njira zotulutsira deta kwa makasitomala awo onse, kuphatikizapo a ku Africa. Ufuluwu umakhudza zomwe munthu anapereka kapena zomwe chipangizo chinayeza, osati zomwe kampani inawerengera yokha.

Kenya inaika ufulu womwewu m'lamulo lake la 2019, Zambia m'lamulo la 2021, ndipo Malawi m'lamulo la 2024, lomwe linapereka udindo woyang'anira ku bungwe la MACRA. Lamulo la POPIA la South Africa, lomwe makampani anayenera kuyamba kulitsata mokwanira pa 1 Julayi 2021, limapereka ufulu woona deta yako ndipo limaika nkhani zaumoyo m'gulu lofuna chitetezo chapadera, koma silitchula mwachindunji ufulu wosamutsa. Ku Zimbabwe, lamulo la 2021 linapereka udindowu ku bungwe la POTRAZ. Pangano la Malabo la bungwe la African Union, lomwe linavomerezedwa mu 2014, linayamba kugwira ntchito mu Juni 2023.

Malamulowa sakakamiza pulogalamu yatsopano kulandira fayilo iliyonse, ndipo kulondola kampani yomwe ilibe ofesi m'dziko lanu n'kovuta.

Chinsinsi

Fayilo ya maulendo imaonetsa pomwe munthu amayambira ndi kuthera tsiku lililonse, ndiye kuti pakhomo pake. Mu Januwale 2018 zinadziwika kuti mapu omwe Strava inafalitsa, osonyeza njira za othamanga, ankaulula malo a misasa ya asilikali. Chaka chomwecho mbava zinaba zambiri za maakaunti pafupifupi 150 miliyoni a MyFitnessPal. Mu 2021 kampani ya Flo Health, yomwe pulogalamu yake amayi amalembamo masiku akumwezi, inagwirizana ndi bungwe la boma la America la FTC pa dandaulo lakuti inagawa deta ya amayiwo ku makampani ena. Choncho fayilo yotere siyenera kusiyidwa pa kompyuta ya kuntchito, ya pa kafe ya intaneti, kapena m'foni yomwe ikugulitsidwa.

Ndondomeko yoyenera

Munthu ayambe ndi kutulutsa kope lonse, pulogalamu yakale ikadali kugwira ntchito, n'kulisunga m'malo awiri. Kenako ayese ndi maulendo awiri kapena atatu, n'kuyerekeza tsiku, nthawi, mtunda ndi miyezo. Zikagwirizana, alowetse zotsalazo kudzera njira imodzi yokha. Akulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala: akaunti yakale isafufutidwe mpaka patadutsa masabata angapo zonse zikuoneka bwino, chifukwa ikafufutidwa sibwereranso. Pamapeto pake achotse zilolezo zomwe anapatsa amkhalapakati, ndipo ngati ali pa ndondomeko ya inshulansi, alumikize chipangizo chatsopano kuti mapointi asaduke.

Wosamuka kuchoka pa iPhone kupita pa ina kudzera pa kompyuta akumbukire kuti deta yaumoyo imalowa m'kope lokhalo lotsekedwa ndi mawu achinsinsi.

Kwa odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, manambala ofunika kwambiri ndi ochepa, ndipo akhoza kusindikizidwa papepala kapena kukoperedwa m'kabuku. Pepala lotere dokotala aliyense akhoza kuliwerenga, kaya kampani yomwe inapanga pulogalamuyo ikadalipo kapena inatseka.