Sitalaka za ku Longbridge ndi Chiphunzitso cha Mpingo

M'chaka cha 1975 boma la Britain lidatenga kampani yopanga galimoto ya British Leyland, imene idali pafupi kugwa, nkumaichirikiza ndi ndalama za msonkho. Sitalaka zidachuluka, makamaka pa fakitale ya Longbridge ku Birmingham. A chipani cha Conservative ankati mabungwe a antchito akakula mphamvu, boma nkumalipira zotayika, palibenso wosamala za ogula. Tsono Mai Margaret Thatcher atalowa m'boma mu 1979 adachepetsa mphamvuzo; lamulo la 1984 lidati sitalaka iyambe yavomerezedwa ndi voti ya mamembala.

Kodi ife tinenepo chiyani? Papa Leo XIII, m'kalata Rerum Novarum ya 1891, adateteza ufulu wokhala ndi chuma pamodzi ndi ufulu wa antchito wopanga mabungwe. Papa John Paul II, m'kalata Laborem Exercens ya 1981, adaphunzitsa kuti sitalaka njololedwa, koma ikhale njira yotsiriza, ndiponso kuti wantchito aposa chuma. Choncho a Conservative adaona zoona, koma mbali imodzi yokha. Pamene MG Rover idagwa ku Longbridge mu 2005, antchito pafupifupi 6,000 nataya ntchito, mabungwe adali atafooka kale.