M'bale Wathu Akavulala Kutchire Kutali ndi Kwawo: Udindo wa Jamaat ndi Kasonkhedwe ka Thandizo

Bismillahir Rahmanir Rahim. Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake onse.

Asilamu anzathu, mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota, Salima mpaka ku Mangochi, ali ndi abale amene akukhala kumtunda. Ena ali ku Mtunthama ndi madera ena a Kasungu pa ntchito za m'maesiteti, ena amagulitsa usipa ndi utaka m'misika ya kumeneko, ena ndi ana asukulu. Tsiku lina foni imalira kuti mwana wanu waterereka pathanthwe pokwera phiri ndi anzake, kapena wathyoka mwendo kutchire kokadula mitengo ya chigafa. Mafunso amabwera nthawi imodzi: ndani apite, ndalama zichokera kuti, ana ake adya chiyani? Nkhani ino ikufotokoza zimene Chisilamu chimatilamula pa nthawi yotere, komanso mmene jamaat ingayendetsere thandizo kuti likafike kwa mwini wake popanda mikangano.

Ngozi za kutchire zimasiyana ndi zina

Ngozi ya pamsewu imachitika anthu akuona, ndipo galimoto imapezeka msanga. Ya kutchire imachitika kopanda anthu, kumene netiweki ya foni imavuta, ndipo wovulala amanyamulidwa mtunda wautali asanafike pamsewu. Kuchedwa kumeneku n'kumene kumasandutsa bala laling'ono kukhala chilema.

Dziko lathu linaona zimenezi mu Julayi 2009, pamene Gabriel Buchmann, mnyamata wa ku Brazil wophunzira za chuma, anasowa pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje yotalika mamita 3,002. Anapitirira yekha atasiya womulondolera njira. Abale ndi anzake anasonkhetsa ndalama kwawo, anthu anamufunafuna kwa masabata oposa awiri, koma anapezeka atamwalira kumayambiriro kwa Ogasiti. Iyeyo anali ndi anthu odziwa kugogoda pa zitseko zikuluzikulu. M'bale wathu wa pa esiteti ku Mtunthama alibe zonsezo. Amene ali nawo ndi banja lake ndi mzikiti wake.

Kasungu nako kuli tchire lake. Kuli phiri la Kasungu limene achinyamata amakonda kukwera. Kumadzulo kuli nkhalango ya Kasungu, kumene mu 2022 anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Msewu wochokera ku Nkhotakota kupita ku Kasungu umadutsa m'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota. Anthu amalowa m'tchire pofuna nkhuni, udzu, uchi ndi bowa, ndipo ngozi sinunkha.

Chilamulo chake m'Chisilamu

Kupulumutsa moyo wa munthu amene ali pangozi ndi Fardh Kifaayah. Tanthauzo lake ndi loti anthu okwanira akagwira ntchitoyo, udindo umachoka pa ena onse. Koma onse akanyalanyaza, tchimo limagwera aliyense amene anamva ndipo akanatha kuchitapo kanthu. Choncho mawu oti "ali ndi abale ake" sachotsa udindo pa jamaat ngati abalewo alibe mphamvu.

Mu Hadith imene anailandira Abu Hurairah (Radhiya Allahu anhu), yopezeka mwa Bukhari ndi Muslim, kuzonda wodwala kwaikidwa m'gulu la maufulu amene Msilamu ali nawo pa Msilamu mnzake. Ndi ngongole ya ubale, siimadalira kuti munthuyo timacheza naye kapena ayi.

Mbiri ya Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) ikutionetsa kuti mzikiti ndiwo unali likulu la ntchito imeneyi. Sa'd bin Mu'adh atalasidwa muvi pa nkhondo ya Khandaq m'chaka cha 5 Hijri, anamuika mu tenti mu mzikiti wa ku Madina kuti Mtumiki azimuzonda pafupi, ndipo mabuku a mbiri amatchula mayi Rufaidah kuti ndiwo ankasamalira ovulala mu tentiyo. Mwa Imam Muslim muli nkhani ya anthu a fuko la Mudhar amene anafika ku Madina ali ausiwa ndi anjala. Mtumiki anaimirira pambuyo pa Swalah n'kulimbikitsa anthu kupereka, ndipo aliyense anabweretsa chimene anali nacho, ndalama, nsalu, tirigu ndi tende, mpaka panaunjikana milu iwiri. Kusonkhetsa poyera mu mzikiti chifukwa cha munthu amene wagwa m'mavuto ndi Sunnah, palibe chochititsa manyazi.

Maola oyambirira

Amene ali pafupi ndi wovulala ndiwo oyamba kusenza udindo. Ngati wagwa kuchokera pamwamba ndipo akudandaula khosi kapena msana, kapena miyendo yachita dzanzi, asamukhazike pansi kapena kumubereka. Amugoneke pa chinthu cholimba ngati chitseko, mutu ndi thupi zikhale mowongoka, anthu angapo anyamule pamodzi. Pamene pakutuluka magazi atsindirepo mwamphamvu ndi nsalu yoyera. Fupa likatulukira kunja asalibwezere mkati, angophimba n'kumangirira mwendowo ku thabwa. Ngati walumidwa ndi njoka, asatemepo mphini kapena kumanga chingwe cholimba. Athamangire naye kuchipatala.

Ku Mtunthama kuli chipatala cha St Andrew's, cha mpingo wa Anglican. Monga zipatala zina za mishoni, zambiri kumeneko zimakhala zolipira. Chipatala cha boma cha Kasungu ndi chaulere, ndipo zikavuta amatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli nthambi yoona za mafupa ndi ubongo ya LION. Kupita ku chipatala cha mishoni kulibe vuto lililonse pa chipembedzo. Chopewa ndi kutaya masiku kwa omanga mafupa a kumudzi, chifukwa bala la fupa lothyoka likalowa matenda, mwendo umatha kudulidwa.

Kasonkhedwe kolongosoka

Uthenga ukafika kunyanja, choyamba ndi kutsimikiza. Mu Hadith ya Qabiswah bin Mukhaariq mwa Imam Muslim, Mtumiki anatchula anthu atatu amene kupempha n'kololedwa kwa iwo, ndipo pa amene wagwidwa ndi umphawi anatchulapo umboni wa anthu atatu anzeru a mtundu wake. Phunziro lake ndi loti tisasonkhe pa mphekesera. Imbirani Imam kapena mkulu wa mzikiti wa kumene m'bale wathuyo amaswali, lankhulani ndi wodikirira wodwala, dziwani wodi imene wagonekedwa. Masiku ano akuba a pafoni amakonda kugwiritsa ntchito nkhani za ngozi, choncho nambala yachilendo isatumiziridwe ndalama isanatsimikizidwe.

Chachiwiri, sankhani anthu atatu okhulupirika: wolandira ndalama, wolemba, ndi wolumikizana ndi banja. Pakhale nambala imodzi yokha ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo ilengezedwe pa Jumu'ah. Chilichonse cholowa ndi chotuluka chilembedwe m'kope. Aayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Ngati Allah anatiphunzitsa kulemba pakati pa anthu awiri, nanga bwanji chuma cha gulu lonse? Ripoti liwerengedwe Lachisanu lililonse mpaka ntchito itatha. Anthu amene aona kumene ndalama zawo zapita amaperekanso mawa.

Chachitatu, werengerani zofunika zenizeni. Ngakhale chipatala chikhale chaulere, pali thiransipoti ya wodikirira kuchokera kunyanja, ufa, ndiwo, nkhuni kapena makala ophikira kuchitando, sopo, mankhwala amene nthawi zina amafunika kukagula, ndodo zoyendera, ndi maulendo obwerera kukaonana ndi dokotala. Fupa la ntchafu limatenga miyezi kuti munthu ayambenso ntchito yolemetsa. Kawirikawiri anthu amapereka mwamphamvu sabata yoyamba, kenako amaiwala, pamene njala imalowa m'nyumba mwezi wachiwiri. Ndi bwino kugawa zosonkhedwazo kuti ziziperekedwa pang'onopang'ono, ndiponso kuti mabanja ena alonjeze kangachepe mwezi uliwonse.

Chachinayi, thandizo si ndalama zokha. Msodzi apereke nsomba zouma, mlimi wa ku Nkhotakota apereke mpunga kapena kondowole, amayi a Dawah agawane masiku oona ana otsala pakhomo. Achinyamata athanzi akapereke magazi kudzera ku Malawi Blood Transfusion Service kapena kuchipatala komweko. Ma Ulama analoleza kupereka magazi pofuna kupulumutsa moyo. Ngozi ikachitika m'dzinja, abale a ku Mtunthama akapalire ndi kubandira munda wake wa chimanga. Wolima fodya amaona ndalama fodya akagulitsidwa ku okushoni, monga ku Chinkhoma, ndipo msika umayamba cha mu Epulo. Akavulala mu Januwale amakhala alibe pogwira. Nkhani ya chilamulo cha fodya ili ndi nthawi yake yoikambirana, siingakhale chifukwa chomumana thandizo munthu amene wagona ndi chikhakha.

Zakaat ingagwiritsidwe ntchito?

Aayah ya 60 mu Surah At-Tawbah yatchula magulu 8 oyenera kulandira Zakaat. Wovulala angalowe m'gulu la osauka ndi osowa ngati ngoziyo yamuimitsa ntchito, m'gulu la angongole ngati wakongola chifukwa cha chipatala, komanso m'gulu la wapaulendo amene wasowa chomufikitsa kwawo. Ndi zololedwa kupereka Zakaat kwa mchimwene, mlongo, malume kapena msuweni, ndipo malipiro ake ndi awiri: a chopereka ndi a kulumikiza ubale. Koma munthu sapereka Zakaat yake kwa makolo ake, ana ake kapena mkazi wake, chifukwa kuwasamalira ndi udindo wake kale. Ma Ulama ambiri amaloleza kutumiza Zakaat dera lina ngati kumeneko kuli m'bale kapena munthu wovutikitsitsa.

Wolemba asiyanitse Zakaat ndi Swadaqah m'kope, chifukwa Zakaat ili ndi eni ake. Swadaqah ndi yotambasuka: ingalipire galimoto, ingadyetse odikirira, ndipo ingathandize mnansi amene si Msilamu. Ngati pangoziyo anavulala awiri, wathu ndi mnzake wa mpingo wina, kumuzonda ndi kumuthandiza mnzakeyo ndi khalidwe la Chisilamu.

Banja likapanikizika limathamangira kwa akatapila. Imeneyo ndi Riba, ndipo imasiya banja m'dzenje lozama kuposa ngoziyo. Amene ali ndi kuthekera abwereketse popanda chiwongoladzanja, alemberane, ndipo apereke nthawi yokwanira yobwezera.

Ulemu wa wovulala

Zithunzi za mabala ndi za munthu wovulidwa zovala m'chipatala zisamwazidwe pa WhatsApp kapena Facebook. Awrah ya munthu siichoka chifukwa wadwala. Ngati chithunzi chikufunika, mwini wake kapena banja lake livomereze kaye. Tipewenso kumuweruza kuti kuphiriko amakatani. Kuyenda ndi kuona chilengedwe cha Allah si tchimo, ndipo ngakhale analakwitsa, malangizo adzabwera akachira. Woperekanso asamale: Aayah ya 264 mu Surah Al-Baqarah ikuchenjeza kuti kukumba mtima ndi kunyoza wolandira kumaononga malipiro a Swadaqah.

Pokazonda, tsatirani nthawi ya chipatala, musachedwepo, mupangireni Dua ndi kumulimbitsa mtima. Mukumbutseni kuti Swalah siimuchoka koma yapeputsidwa. Mu Hadith ya Imran bin Huswain mwa Bukhari, wodwala analoledwa kuswali chokhala akalephera kuima, ndi chogona cham'mbali akalephera kukhala. Pa chikhakha kapena bandeji amangopaka ndi dzanja lonyowa, ndipo madzi akakhala oopsa pa bala amapanga Tayammum. Abu Dawud analemba nkhani ya munthu amene anavulazidwa ndi mwala kumutu ali paulendo. Anzake anamuuza kuti ayenera kusamba basi, anasamba n'kumwalira, ndipo Mtumiki anawadzudzula kwambiri chifukwa choyankha zimene sankazidziwa. Swaumu ya Ramadhan nayonso angaisiye n'kudzabweza akachira.

Akatuluka m'chipatala

Ntchito siithera pa geti la chipatala. Amene wasiyidwa ndi ulumali angathandizidwe ndi mabungwe monga Malawi Against Physical Disabilities, amene ali ndi malo ophunzitsira kuyendanso a Kachere ku Blantyre, ndipo ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya paboma ingamulondolere njira. Ngati anavulala ali pa ntchito ya abwana, banja likaonane ndi ofesi ya zantchito, chifukwa pali lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito. Jamaat iganizire zomupezera mpamba wa geni yoti angachite atakhala pansi, ndiponso ikonze khomo la mzikiti kuti njinga ya olumala izitha kulowa. Ndalama zikatsala, operekawo afunsidwe ngati zingayambitse thumba la ngozi la pamzikiti, kuti tsiku lina tisadzayambirenso pa chabe.

Kwa achinyamata athu okonda kukwera mapiri: kumanga ngamira ndi mbali ya Tawakkul. Musapite nokha, uzani akunyumba kumene mukupita ndi nthawi yobwerera, tengani wodziwa njira, madzi, chofunda ndi foni yatchaji, ndipo m'nkhalango zotetezedwa musalowe popanda chilolezo.

Tikupempha Allah achiritse odwala athu onse, awalipire amene akuwadikirira m'zipatala, ndipo alandire zopereka zathu. Allah ndiye Wodziwa koposa.