Momwe Britain idasinthira kayendetsedwe ka ntchito za boma pa intaneti

Boma la Britain lidatsegula tsamba la GOV.UK pa 17 October 2012 pofuna kuti nzika zizipeza thandizo la boma pamalo amodzi, m'malo moyendayenda pa masamba mazanamazana a maunduna ndi nthambi zosiyanasiyana.

Ntchitoyi idagwiridwa ndi nthambi ya Government Digital Service, mwachidule GDS, yomwe idakhazikitsidwa mu 2011 pansi pa Cabinet Office kutsatira lipoti lomwe mayi Martha Lane Fox adapereka kwa nduna, a Francis Maude, mu 2010. A Mike Bracken adasankhidwa kutsogolera nthambiyi.

Nthawi imeneyo boma lidali litapsa kale zala. Pulogalamu yoika zolembera za odwala pa kompyuta m'zipatala za NHS ku England, yomwe idayamba mu 2002, idathetsedwa mu 2011, ndipo aphungu a komiti yoona za kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma adapeza kuti mtengo wake udafika pafupifupi mapaundi 10 biliyoni. Mwa zina, vuto lidali loti makontrakiti akuluakulu adasainidwa madokotala ndi anamwino asadafunsidwe mokwanira.

Chomwe GDS idasintha kwambiri ndi kagawidwe ka ntchito ndi mphamvu. Ntchito iliyonse, monga kulembetsa m'kaundula wa voti, imaperekedwa kwa kagulu kochepa ka anthu a maluso osiyana: olemba mapulogalamu a kompyuta, okonza maonekedwe a tsamba, olemba mawu omveka kwa munthu wamba, komanso ofufuza omwe amakhala pansi ndi nzika kuona pomwe zikukakamira podzaza fomu.

Pakati pa kaguluka pamakhala munthu yemwe pa Chingerezi amamutcha product manager. Iyeyu salemba mapulogalamu, ndipo nthawi zambiri si bwana wa anzakewo pa malipiro kapena pa tchuthi. Udindo wake ndi kusankha choyenera kuyamba ndi choyenera kudikira. Amasunga mndandanda wa zonse zomwe zapemphedwa, nkumausanja malinga ndi umboni womwe ofufuza abweretsa. Ntchito imagawidwa m'zigawo zazifupi, kawirikawiri za masabata awiri, ndipo chigawo chikatha gulu limaonetsa zomwe lapanga.

Apa ndi pomwe pali kusiyana ndi woyang'anira pulojekiti wa masiku onse. Pulojekiti imakhala ndi tsiku lotsekera, ndipo mwini wake amayamikiridwa akamaliza pa nthawi yake osapyola bajeti. Koma ntchito yothandiza nzika ilibe tsiku lotha. Malamulo amasintha, mafoni amasintha, ndipo fomu yomwe idali yabwino zaka zitatu zapitazo imayamba kusokoneza anthu ngati palibe woisamala.

Wotsogolera magulu otere, yemwe ku Britain amatchedwa service owner, amayankha za ntchito yonse kuyambira pomwe nzika yafunsa mpaka yathandizidwa, kuphatikizapo amene amaimba foni kapena kulemba kalata chifukwa alibe intaneti. Gawo lovuta la udindowu ndi kukana. Nduna kapena mlembi wamkulu akafuna chinthu chomwe umboni sukuchivomereza, mtsogoleriyu amayenera kufotokoza mwaulemu koma mosabisa, nkuteteza gulu lake kuti lisamasinthesinthe njira sabata ndi sabata. Mtsogoleri wopanda mphamvu yogamula amangosanduka wonyamula mauthenga, ndipo gulu limathera nthawi kudikira misonkhano ya makomiti.

GDS idakhazikitsanso masitepe anayi omwe ntchito iliyonse imadutsamo. Loyamba, discovery, ndi lofufuza ngati vutolo lilipodi, ndipo nzololedwa kuimitsa ntchito pomwepo ndalama zambiri zisadapite. Mu alpha amayesa zitsanzo zosakhalitsa, mu beta anthu enieni amayamba kugwiritsa ntchito, kenaka ntchitoyo imakhazikika pa sitepe ya live. Pochoka pa sitepe ina kupita pa inzake, akatswiri ochokera kunja kwa gululo amaliunika potsatira muyezo wa Service Standard, womwe poyamba udali ndi mfundo 26, udatsika pa 18 mu 2015, ndipo mu 2019 udafika pa 14.

Muyezo pawokha sukadaphula kanthu pakadapanda ndalama. Cabinet Office idapatsidwa mphamvu yovomereza kapena kukaniza ndalama zomwe maunduna amafuna kuwononga pa ntchito za makompyuta, zomwe maunduna ena sadakondwere nazo.

Zina zidayenda bwino. Kulembetsa voti pa intaneti kudayamba mu June 2014 ndipo kumatenga pafupifupi mphindi zisanu. GOV.UK idalandira mphotho ya Design of the Year mu 2013, ndipo mayiko monga Australia ndi Canada adakhazikitsa nthambi zofanana ndi GDS.

Komabe njirayi siidateteze GDS yomwe ku zolakwika. Ntchito ya GOV.UK Verify, yotsimikizira kuti munthu ndi yemweyodi pa intaneti, idayembekezeka kukhala ndi anthu 25 miliyoni pofika 2020, koma ofesi yolondoloza chuma cha boma ya National Audit Office idapeza mu 2019 kuti olembetsa adali 3.6 miliyoni okha. Ambiri oyesa kulembetsa amalephera kufika kumapeto, ndipo nthambi ya misonkho ya HMRC idapitiriza kudalira njira yakeyake ya Government Gateway. Zizindikiro zidaoneka msanga, koma ntchitoyo idapitirizidwabe kwa zaka zingapo.

Verify idatsekedwa mu 2023 ndipo m'malo mwake mudalowa GOV.UK One Login. Mu 2024 boma lidasamutsa GDS kuchoka ku Cabinet Office kupita ku unduna woona za sayansi ndi luso lamakono.