Chifukwa Chake pa Akasupe a M'chipululu Pamakhala Pozizira

Kumpoto kwa Africa kuli chipululu chachikulu chotchedwa Sahara. Kumeneko mvula imagwa mwa kamodzikamodzi, ndipo masana mchenga umatentha kotero kuti munthu sangaupondepo wopanda nsapato. Koma m'malo ena madzi amatumphuka pansi, ndipo anthu amamangapo midzi nalima minda. Amodzi mwa malo otere ndi Siwa, kumadzulo kwa dziko la Egypt, makilomita ngati 50 kuchokera ku malire a Libya. Kumeneko kuli akasupe pafupifupi 200.

Mlendo wochokera kumchenga akalowa m'minda ya ku Siwa amamva kamphepo kozizira bwino, chonsecho dzuwa ndi lomwelo. Zifukwa zake zilipo zitatu.

Choyamba ndi madzi. Mayi aliyense adziwa kuti madzi a mumtsuko wadothi amazizira kuposa a m'chitini. Dothi limatulutsa timadzi kunja, ndipo timadzito pouma timachoka ndi kutentha kwa mtsukowo. Masamba a mitengo ndi nthaka yothiriridwa zimachita chimodzimodzi. Mphamvu ya dzuwa imathera pa kuumitsa madzi, m'malo motenthetsa nthaka ndi mpweya.

Chachiwiri ndi mthunzi. Akanjedza ataliatali amalandira dzuwa poyamba. Pansi pawo pamamera mitengo ya azitona ndi makangaza, ndipo pansi penipeni alimi amabzala ndiwo zamasamba, zimene pamtetete zikadapserera.

Chachitatu, mitengo imatchinga mphepo yotentha ya m'chipululu, nisunga chinyezi m'mundamo. Usiku, pamene mchenga wapoyera uzizira msanga, masamba amasunga kafungo kofunda ka masana, chotero mbewu sizivutika ndi chisanu kwambiri.

Komabe kuzizira kumeneku sikufika patali, ndipo sikuitana mvula. Munthu akangotuluka m'mitengo, kutentha kumamulandira pomwepo. Ndiponso kungathe kutayika. Ku Siwa anthu atakumba zitsime zambiri, madzi otsala pothirira anasowa kopita, nadzaza nyanja zamchere za m'deralo. Mcherewo unakwera m'minda ina nuwononga mitengo, ndipo pamene mtengo wafa, mthunzi ndi chinyezi zimapita nawo.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana zimenezi mosavuta. Atenge mabotolo awiri a madzi, limodzi alikulunge ndi nsalu yonyowa, naike onse pamthunzi podutsa mphepo. Pakapita ola limodzi, ana akhudze madziwo ndi chala, anene okha ozizira ndi ati.